Tawonga chomene nonse amene munathandiza bambo mfumu athu pa ulendo wokatumikira asilikali

Akhristu anzathu a muno mu Mzuzu, ndi abale amene muli kutali, ife a khonsolo ya parishi tabwera kudzathokoza. Bambo mfumu athu aang'ono amaliza maphunziro a usilikali ku MAFCO ku Salima, ndipo ayamba ntchito ngati tchapuleni, ndiko kuti wansembe wotumikira asilikali a dziko lino. Ambiri mwa inu munathandiza osadziwa kuti thandizo lanulo likupita pati, n'chifukwa chake tafuna kufotokoza bwinobwino.

Tiyambe ndi Ambuye Episkopi. Wansembe sangangodzuka n'kukalembetsa usilikali. Ndime 289 ya Malamulo a Eklezia imaletsa zimenezi pokhapokha episkopi wake atalola. Ndipo kulola kumeneku n'kowawa, chifukwa wansembe asanafike pa guwa amadutsa ku Kachebere ku Mchinji ndi ku St Peter's ku Zomba, zaka zambiri, pa chopereka cha akhristu. Kumupereka munthu wotere pamene nthambi zina za kumidzi zimatha miyezi osaona Misa ndi mphatso yaikulu. Zikomo Ambuye. Bambowa akadali wansembe wa Dayosizi ya Mzuzu, sanachoke m'banja lathu.

Alembi a mu ofesi ya parishi, inu munagwira ntchito yosaoneka. Pamafunika kalata ya chilolezo cha episkopi, kalata yotsimikiza kuti munthuyo ndi wansembe wololedwa kuchita Misa ndi kulapitsa, masatifiketi a sukulu ndi a ku seminale, chitupa cha unzika ndi pasipoti. Chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi mayina: pa satifiketi ya MSCE pali dzina la kumudzi, pa kalata ya ubatizo pali dzina la woyera, pa chitupa kalembedwe kena. Zikasiyana chonchi pamafunika kalata yolumbirira pamaso pa majisitireti kapena loya. Munaziona msanga, zonse zinapita zili zogwirizana.

Tsiku la wansembe wa pa parishi lilibe mpata wolimbitsa thupi. Amadzuka kusanache kuchita mapemphero a m'buku la ansembe, 6 koloko Misa, kenako mu ofesi muli kale a maukwati ndi ofuna makalata a ubatizo. Masana pali odwala ku Mzuzu Central kapena ku St John's, pali maliro, madzulo mphakati, usiku foni yoitanira kwa wodwala amene watsala pang'ono. Lamulungu amatha kuchita Misa zitatu, zomwe ndi malire amene malamulo amalola pakakhala kusowa kwa ansembe. Ndiye ola lililonse limene bambowa anathamanga linachokera kwa wina. Bambo mfumu aakulu anatenga Misa za m'mawa za masiku ena. Akatekisiti anatsogolera mapemphero a kumanda. Atumiki a Ukaristia anayendera okalamba m'makomo. Popanda inu sakanafika n'komwe pa chipata cha MAFCO.

Amayi a m'miphakati, tikudziwa kuti tinakupemphani chinthu chovuta. Kwathu kuno wansembe akabwera amaphikiridwa nkhuku, nsima yambiri ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo kukana kumaoneka ngati chipongwe. Koma akadya chonchi m'makomo atatu pa tsiku, kwinaku akukhala pa mpando wa ofesi ndi pa njinga yamoto, mimba imakula, BP ndi shuga zimakwera, ndipo zimenezi n'zimene zimagwetsa anthu pa kuyeza kwa chipatala. Munavomera kuchepetsa mchere ndi mafuta, kuonjezera ndiwo zamasamba ndi nyemba, ndi kuika madzi pa tebulo. Anamwino a m'parishi mwathu ankawayeza BP sabata ndi sabata n'kumalemba m'kope, kopelo linathandiza kwambiri.

Kwa asilikali opuma pa ntchito amene timapemphera nawo, ena a iwo anatumikira ku Moyale Barracks komweku, mawu akutichepera. Inu ndi amene munaletsa bambowa kuyamba ndi liwiro. Munati ayambe ndi kuyenda mwachangu, kenako kuthamanga makilomita 3, n'kumaonjezera pang'ono pa sabata, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Amene amaonjezera mofulumira amayamba kumva kuwawa m'miyendo kutsogolo kwa msongolo, ndipo zikatero ndi kupuma masabata angapo. Chikwama cha kumsana munayamba nacho pa makilogalamu 5 mpaka kufika 15, cholemera chili pamwamba ndi pafupi ndi msana kuti chisakokere munthu m'mbuyo. Munawaphunzitsanso za jombo: yatsopano siyendedwa ulendo wautali, imavalidwa kaye pang'onopang'ono mpaka itafewa, masokosi awiri, opyapyala m'kati ndi okhuthala kunja, ndipo akanyowa asinthidwe. Matuza amabwera chifukwa cha chinyezi ndi kukhulana, ndipo chithuza chimodzi chikaphulika n'kulowa dothi chimatha kumugoneka munthu wamphamvu.

Panalinso nkhani ya kutentha. Mzuzu ili pamwamba, kupitirira mamita 1,200, ndipo thupi lozolowera chifunga ndi mvula yowaza ya kuno limavutika likafika kunyanja ku Salima. Thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kugwira ntchito pa dzuwa lotere. Tikuthokoza banja la ku Nkhata Bay limene linawasunga pa tchuthi chawo kuti azithamanga m'mphepete mwa nyanja, linawapatsa neti ya udzudzu, n'kuwazoloweza kumwa madzi a mchere ndi shuga: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Achinyamata ndi a kwaya anasonkha ndalama zogulira kachikwama ka Misa. Muli chikho chaching'ono, kambale ka hostiya, timabotolo ta vinyo ndi madzi, nsalu za pa guwa, stola, mtanda, buku la Misa ndi mafuta a odwala. Asisteri anatichenjeza zinthu zimene sitikanaziganiza. Hostiya ndi ufa wa tirigu ndi madzi basi, zikakhala m'pepala m'nkhalango ya chinyezi zimafewa n'kuchita nkhungu, choncho zimafuna kachitini kotseka bwino. Vinyo akakhala m'botolo lalikulu lotsegulatsegula pa dzuwa amasasa, ndipo wosasa saloledwa pa Misa, ndiye ndi bwino kumugawa m'timabotolo ting'onoting'ono todzadza. Makandulo a pabwalo amafuna galasi, ndipo kambale kamafuna chivindikiro chifukwa cha mphepo.

Agogo athu ena anabwera akulira, akufunsa ngati bambo mfumu akagwire mfuti n'kumaombera anthu. Mitima ikhale pansi. Mapangano a ku Geneva a 1949 amati wansembe wa asilikali si womenya nkhondo. Amatetezedwa mofanana ndi madokotala, amaloledwa kuvala chizindikiro cha mtanda wofiira pa mkono, ndipo akagwidwa satengedwa ngati mkaidi wa nkhondo, amangosungidwa kuti atumikire anzake ogwidwa. Akalowerera m'kumenyana chitetezo chimenecho chimatha. Ndipo zimene msilikali wanena polapa, ngakhale mkulu wa asilikali sangazifunse. Ndime 983 ya Malamulo a Eklezia imatseka pakamwa pa wansembe kotheratu.

Ntchitoyi ndi yolemera, tisabisirane. Asilikali athu akhala akupita ku DRC kukasungitsa mtendere kuyambira 2013 m'gulu lapadera la United Nations. Mu Novembala 2018 tinataya ena kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete, amene United Nations inamulemekeza ndi mendulo mu 2019 chifukwa anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu kum'mawa kwa dziko lomwelo. Kuno kumudzi, asilikali ndi amene anafukula anthu m'matope pa namondwe wa Freddy mu 2023, ndiponso amene anasakasaka ndege m'nkhalango ya Chikangawa mu Juni 2024. Munthu woona zotere amabwerako tulo tasowa, amadzidzimuka ndi phokoso, ena amathawira ku mowa, ndipo mayi ndi ana ku barakisi ndi amene amayamba kulawa ululuwo. Tikuthokoza alangizi a za maganizo amene anakhala pansi ndi bambowa madzulo ambiri. Anawaphunzitsa kumvetsera osafulumira kulalikira, kufunsa mosazungulira ngati munthu akuganiza zodzipha, ndi kudziwa pamene pemphero liyenera kuyendera limodzi ndi chipatala, monga cha St John of God chimene tili nacho muno.

Ku barakisi kulibe Akatolika okha. Zikomo kwa abusa a CCAP, a Seventh Day ndi ashehe amene anawalandira n'kuwafotokozera zoyenera kuchita msilikali wa chipembedzo chawo akamwalira kutali, makamaka Msilamu amene ayenera kusambitsidwa ndi anzake ndi kuikidwa msanga. Amalonda a ku msika wa Taifa nawonso anawaphunzitsa Chiswahili cha moni ndi chofunsira odwala, chomwe ndi chilankhulo cha kum'mawa kwa Congo.

Ming'oma ya njuchi ija bambowa ankaikonda kuseri kwa nyumba ya ansembe yasiyidwa m'manja mwa achinyamata, ndipo bambowa atipempha tikumbutse izi. Mawaya opachikira ming'oma azipakidwa girisi kuti linthumbu ndi nyerere zisakwere, ndipo udzu wa pansi uzitchetchedwa. Timatabwa ta pamwamba tikathyoka, tatsopano tikhale ta mamilimita 32 m'lifupi, apo ayi njuchi zimamanga zisa zopingasa zosatheka kuzula. Fulani madzulo, utsi pang'ono, ndipo tengani zisa zomatidwa zokha, chifukwa uchi wosakhwima uli ndi madzi ambiri ndipo umachita thovu m'botolo. Zisa za ana musazikhudze.

Za maukwati ndi ubatizo zimene bambowa anayamba, mabuku onse aperekedwa kwa bambo mfumu aakulu, bwerani ku ofesi monga kale. Amene muli ndi nambala yawo, akapanda kuyankha musadandaule, nthawi zina saloledwa kukhala ndi foni. Ndipo tikupempha mwaulemu, mukamva kumene gulu lawo lapita kapena tsiku lonyamuka, musalembe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ngakhale popempha mapemphero. Uzani wapampando wa mphakati wanu pakamwa, adzafikitsa pempholo pa Misa.