Loweruka ku York, pakati pa sitima za malasha

Lero ndinali pa ofu, ndiye ndinakwera sitima kupita ku York, mzinda wa kumpoto kwa England, kukaona National Railway Museum, kumene amasunga sitima zakale. Pakhomo salipiritsa, choncho ana anali piringupiringu paliponse.

Aliyense amathamangira pamene pali Mallard, inenso ndinangotsatira gulu. Ndi chimutu cha sitima cha buluu, mphuno yotsetsereka, nambala 4468 m'mbali. Nditaima pafupi ndi gudumu lake, linandiposa msinkhu. Pa 3 July 1938 inathamanga makilomita 203 pa ola potsika mtsetse wa njanji wotchedwa Stoke Bank, kumwera kwa tawuni ya Grantham, ndipo mpaka lero palibe sitima ya malasha imene inaiposa. Chondiseketsa n'choti itangochita zimenezi chitsulo china chapakati chinatentha kwambiri, ulendo wake n'kuthera pa Peterborough. Ku London, kumene inkapita, sinafike tsiku limenelo.

Anthu amatama Nigel Gresley amene anajambula pulani yake, ndipo m'pomveka. Koma nditasuzumira mokhala dalaivala muja, maganizo anga anapita kwa Thomas Bray, amene ankaponya malasha m'ng'anjo tsikulo. Kakhomo ka ng'anjoyo n'kakang'ono. Munthu waima pamalo pogwedezeka, fosholo m'manja, moto ukumuwamba kumaso. Komanso malasha saponya chiponyeponye, amafunika afalikire ng'anjo yonse, apo ayi nthunzi imachepa. Akanafooka mkono Bray, dalaivala Joe Duddington bwenzi lero palibe womudziwa. Ntchitoyi munthu ankaiyamba ndi kupukuta injini, patapita zaka n'kupatsidwa fosholo, ndipo ena udalaivala ankaupeza imvi zitayamba kale.

Pali mutu wina, Ellerman Lines, umene anaucheka m'mbali kuti anthu azionera m'mimba mwake. Mwadzaza mapaipi. Mpweya wotentha wochokera kung'anjo umadutsa m'menemo n'kuwiritsa madzi ozungulira mapaipiwo. Apa ndinakhalitsa mpaka miyendo kuwawa.

Bambo wina wachikulire, kamera ili m'khosi, anandiyambitsa nkhani ya Evening Star, mutu womaliza wa malasha umene kampani ya boma ya sitima, British Railways, inapanga, ku Swindon mu 1960. Unagwira ntchito zaka 5 zokha, ndipo pofika August 1968 sitima za malasha zinali zitachotsedwa pa njanji zikuluzikulu. Bambowo akuti sitima za magetsi zilibe mzimu. Ndinawafunsa ngati anagwirapo fosholo. Anaseka, n'kuyankha kuti ayi, ankagwira ntchito kubanki.