Ndinalowa m'khitchini ya apongozi kudzera kudenga

Abale inu ukamwini si masewera. Kuno ku Dedza Okutobala akangofika aliyense amakhala kalikiliki, ena akugalauza kumunda, ena akuwotcha njerwa, azimayi akuzira makonde, ndiye ine madamu anangondidzutsa m'mamawa kuti bambo a mwana, kakhitchini ka amayi kaja kanadontha dzinja lonse, mukafolere chizimalupsa chisanagwe. Mkamwini angakane? Ndinangoti chabwino.

Udzu unalipo kale womwe anamweta mu Julayi, pepala lakuda lija ndi linya ndinagula tsiku la msika. Mlamu wanga wamng'ono atangoyang'ana m'mwamba anati alamu mapaso awa chiswe chinamaliza kalekale, tiyambe tasintha. Ndinamuyankha kuti iwe usandiphunzitse ntchito, ndinayamba kufolera uli pamsana. Komatu chiswe ndi kathyali, chimadya mkati n'kusiya kunja kuli bwinobwino, mtengo umauona ngati ungakunyamule pomwe mkati ndi dothi lokhalokha.

Ndinakwera, kusasula udzu wakale, mwaye uli mbuu kumaso, kuyala pepala n'kuyamba kufolera kuchokera m'munsi monga mwa lamulo lake, kuti udzu wam'mwamba uzipsinja wam'munsi madzi azingotsetsereka. Mpaka ndinayamba kuimba mluzu kuti a m'mudzi aone kuti banja lino linapeza mkamwini. Osadziwa kuti cha kumsonga kuli chisa cha mavu. Imodzi inandipeza pakhutu, ina pakhosi, ine n'kudumpha kuiwala kuti ndili padenga, phaso lija thyoo!

Thalauza inakodwa pansungwi n'kung'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo, yatsala m'mwamba ikulendewera, mwini wake ndafika pansi ndi kabudula wamkati yekha, khuu, matako m'ndowa ya thobwa lomwe anatikonzera ogwira ntchitofe.

Ndikweze maso, apongozi ali poteropo atagwira chikho, anangolowa kumene kuti atitungire. Inu mukudziwa mwambo wake, munthu amene tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, sitinayang'anizanepo chikwatirire mwana wawo, lero tili maso ndi maso m'kachipinda kosakwana ndi mphasa ziwiri, ine ndili mbuu ngati mphaka wogona paphulusa, khutu likufufuma. Ndinasowa chochita ndiye ndinangoomba m'manja ndili m'ndowa momwemo n'kunena kuti mwaswera bwanji amayi.

Sanayankhe. Anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kutuluka chafutambuyo, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero madamu amalumbira kuti ankalira chifukwa cha chisoni koma ine kulira kokhala ndi "hihihi" sindinakumvepo. Panja mlamu uja anali akugubuduka pansi, ana a m'mudzi monse atadzaza pakhomo, agalu akuuwa.

Patapita kanthawi kanalowa kamwana kanga katanyamula chitenje, kakuti ababa, agogo akuti muvale ichi, komanso akuti ulendo wina mukafuna thobwa muzidzera pakhomo, chitseko sakhoma.

Ndinadutsa pabwalo lonse nditamanga chitenje m'chiuno, thobwa likuchucha m'miyendo, azimayi apamjigo akufunsana kuti mtsikana wachilendoyu ndi wa kwa yani. Denga anamaliza ndi mlamu uja mawa lake, atasintha mapaso onse, ndipo anandilipiritsa nkhuku. Thalauza sanandibwezere, akuti aimangirira kudimba iziopseza mbalame.