Mbewu kumera ndi kukhala ndi mphamvu ndi zinthu ziwiri

Abale anga alimi, Okutobala uno musanathamangire kumunda ndi paketi ya chimanga, tiyeni tikambirane kaye za mbewuyo. Ambirife timangoona lebulo kuti yalembedwa 90% ya kameredwe basi mtima pansi, koma nambala imeneyo anaipeza mu labotale, ngati kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze kuja, komwe njere amaziika pa pepala kapena mchenga wonyowa bwinobwino, kutentha kwake madigiri 25, nkuwerenga zomera tsiku la 4 ndi la 7. Kumeneko mbewu imasamalidwa ngati mwana wakhanda. Nanga kumunda kwanu kuli choncho? Mvula imagwa kamodzi kenako ng'amba sabata yathunthu, dothi lauma gwa pamwamba, njere yofooka imamera ndithu pansipo koma kuboola dothi imalephera, mukafukula mumapeza kamphukira kapindika kachikasu kafera momwemo.

Nchifukwa chake akatswiri amayesanso mphamvu ya mbewu poizunza dala. Ena amaiika mu dothi lonyowa lozizira madigiri 10 kwa masiku 7 kenako nkuibwezera pofunda, ena amaiika motentha kupitirira madigiri 40 muli chinyezi chambiri kwa masiku atatu kuti ikalambe msanga, ndiye aone zingati zidzukebe. Njira yachiwiriyi ine ndimaiona kuti ikutikhudza kwambiri kuno, chifukwa paketi ikakhala miyezi mu shopu ya malata dzuwa likuswa mtengo, mphamvu ndi imene imayamba kutha, kameredwe kamatsika pambuyo.

Pakhomo mutha kuyesa nokha. Tapani njere 100 mosasankha, osati zokongola zokhazokha ayi, muziyale pa chiguduli chonyowa nkukulunga, zina 100 mudzale mu dothi la kumunda kwanu komweko kuya kwake masentimita 5, muzithirira. Pakatha sabata werengani, koma osangowerenga, onaninso ngati zatuluka limodzi. Zina zikakhala ndi masamba awiri zina zikungosuzumira kumene, mbewuyo ndi yotopa, makamaka ya munkhokwe yomwe anankafumbwe alawako.

Zimandiwawa kwambiri ndikaona munthu wadzala njere imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25, mwa njira ya Sasakawa ija, feteleza wagula modula, kenako mizere ili mipata yokhayokha. Kupakiza kumathandiza pang'ono chabe, chimanga chopakiza chimaphimbidwa ndi chinzake ndipo chisononkho chake chimakhala kakang'ono. Pa chiguduli zikamera 90 koma mu dothi 60, mbewu imeneyo musadzale imodziimodzi, pezani ina kudakali nthawi kapena funsani alangizi a kwanuko.