Ubongo umadziwanso kuletsa

Mabuku a phunziro la ubongo amakonda kuyamba ndi manambala oti munthu agwire pakamwa. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zonse za thupi. M'menemo muli maselo otchedwa ma neuron okwana pafupifupi 86 biliyoni, malinga ndi mmene anawerengera Suzana Herculano-Houzel ndi anzake mu 2009. Manambalawa ndi othandiza pamayeso, koma chimene chandigwira mtima ine n'chaching'ono zedi: maselo ambiri amenewa sakhudzana.

Kapangidwe ka neuron sikovuta. Ili ndi thupi lake, tinthambi tolandira uthenga totchedwa ma dendrite, ndiponso chingwe chimodzi chotumizira uthenga, axon. Axon yochokera kumunsi kwa msana kukafika kuchala cha phazi imatha kutalika mita yathunthu. Selo ikangokhala phee, mkati mwake mumakhala mphamvu ya magetsi ya pafupifupi -70 millivolts poyerekeza ndi kunja. Ikasonkhezeredwa mokwanira, timakomo ta pakhungu lake timatseguka, tizigawo ta mchere totchedwa sodium n'kukhamukira mkati, kenako tina totchedwa potassium n'kutuluka, ndipo fundeli limatsetsereka mpaka kunsonga kwa axon. Pa ma axon okutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, uthenga umathamanga mpaka mamita 120 pasekondi. Pamene palibe myelin umangokwawa pafupifupi mita imodzi pasekondi.

Nanga ukafika kunsonga? Apa ndiye pamene akatswiri anakanganirana zaka zambiri. Mu 1873 Camillo Golgi wa ku Italy anapeza njira yodetsera maselo a ubongo ndi siliva kuti azioneka pa maikulosikopu, ndipo iye ankati onse ndi olumikizana, ukonde umodzi wopanda malekezero. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain anatenga njira ya Golgi yomweyo n'kuona zosiyana: selo iliyonse ndi yoima payokha. Mu 1906 anawapatsa mphoto ya Nobel onse awiri, ndipo Golgi, wosagonja, anagwiritsa ntchito nkhani yake ya pamwambowo kutsutsa mnzakeyo. Wolondola anali Cajal. Kampata ka pakati pa maselo awiri, pamalo amene Charles Sherrington anawatcha synapse mu 1897, n'kotalika ma nanometre 20 mpaka 40 okha (nanometre ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita imodzi).

Woonetsa mmene uthenga umawolokera kampataka anali Otto Loewi mu 1921, ndipo kafukufuku wake ndimamukonda chifukwa ndi wosavuta kumuona m'maganizo. Anatenga mitima iwiri ya achule, uliwonse ukugunda m'madzi a mchere. Atagwedeza ndi magetsi mtsempha wa vagus (wobweretsa uthenga kumtima kuchokera ku ubongo) wa mtima woyamba, mtimawo unayamba kugunda pang'onopang'ono. Kenako anatunga madzi a mtima umenewo n'kuthira pa wachiwiri, umene sanaugwedeze n'komwe, nawonso n'kuchepetsa liwiro. Ndiye kuti mtsemphawo unatulutsa kanthu m'madzimo. Kanthuko kanadzadziwika kuti ndi acetylcholine, m'gulu la mankhwala onyamula uthenga amene masiku ano timati ma neurotransmitter.

Munthu ungafunse kuti thupi lavutikiranji kusandutsa magetsi kukhala mankhwala, kenako magetsinso, pamene kungolumikiza kukanafulumira. Yankho limene landikhutiritsa n'lakuti pakampata paja uthenga ukhoza kukhala "pita" kapena "ima". Neurotransmitter wotchedwa glutamate amakankha selo yotsatira kuti itumize uthenga. Wina wotchedwa GABA amaigwira kuti ikhale chete. Neuron imodzi imalandira mawu a maselo masauzande nthawi imodzi, ena okankha ena oletsa, ndipo imaphatikiza onsewo isanachite kanthu.

Kuletsa kumeneku sikulankhulidwa kwambiri, komatu n'kumene kumasunga moyo. Taonani kafumbata. Poizoni wa kachilombo ka Clostridium tetani amalowera pabala, n'kukwera m'mitsempha mpaka ku msana, ndipo kumeneko amatsekereza kutuluka kwa GABA ndi mnzake glycine. Poizoniyu sapereka lamulo lililonse kwa minofu. Amangochotsa woiletsa, basi nsagwada n'kuuma gwa, khosi n'kulimba, msana n'kupindikira kumbuyo. Khunyu nayenso ali pafupi ndi zimenezi: maselo ochuluka amatumiza uthenga nthawi imodzi popanda wowabweza, n'chifukwa chake mankhwala ngati diazepam, amene amawonjezera mphamvu ya GABA, amatha kuletsa kukomoka koteroko. Ngakhale kupinda mkono chabe kumafuna kuti mnofu wa kutsogolo ukoke pamene wa kumbuyo wauzidwa kuti umasuke.

Apa ndidandauleko pang'ono za zimene zafala pa intaneti, zoti dopamine ndi mankhwala a chisangalalo ndipo serotonin ndi a mtendere wa mumtima, ngati kuti aliyense ali ndi ntchito imodzi. Dopamine yemweyo ndi amene amasowa pa matenda a Parkinson, maselo a mbali ya ubongo yotchedwa substantia nigra akafa, ndipo wodwalayo amanjenjemera manja, kuyamba kuyenda n'kumamuvuta. Serotonin wochuluka, pafupifupi 90 peresenti, amapezeka m'matumbo. Chimene mankhwala achita chimadalira cholandirira cha pakhungu la selo chimene agwerapo: acetylcholine amene amachepetsa kugunda kwa mtima ndi yemweyo amakoketsa minofu ya mwendo.

Ndipo uthenga ukaperekedwa uyenera kufafanizidwa msanga. Acetylcholine amaphwanyidwa pomwepo ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa mankhwala m'thupi) yotchedwa acetylcholinesterase. Mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate amapundula enzyme imeneyi, ndiye acetylcholine amangounjikana pakampata. Womwa mankhwalawa amatuluka dovu ndi thukuta, timwana ta maso timachepa, minofu imanjenjemera kenako n'kufooka, mpaka kupuma kumene. Achipatala amamupatsa atropine, amene amakhala pa zina mwa zolandirira zija kuti acetylcholine wochulukayo asowe pogwera.