Chifukwa chake usipa umadzaza thandala pomwe kampango amawerengeka

Kwa masabata awiri ndakhala ndikuwerenga mutu wa bayoloje wonena za mmene mphamvu zimayendera pakati pa zamoyo, ndipo poyamba ndinkangoloweza mivi ya m'buku, yolumikiza chamoyo chodyedwa ndi chimene chikuchidya, osamvetsa tanthauzo lake. Ndinkaganiza kuti muvi umaloza chimene chikudyedwa, chonsecho umaloza kumene mphamvu zikupita. Nkhaniyi inandilowa m'mutu tsiku lina m'mamawa nditatsikira kugombe kuno ku Mangochi, kumene ndinapeza amayi akuyanika usipa pamathandala ataliatali, koma m'bwato limene linali litangokocheza munali akampango atatu okha.

Chiyambi cha zonse ndi dzuwa. Ndere zing'onozing'ono zoyandama m'madzi a Nyanja ya Malawi zimakola kuwala kwake n'kupanga chakudya, tizilombo tosaoneka bwino ndi maso timadya nderezo, usipa umadya tizilomboto, ndipo ncheni ndi kampango amadya nsomba zing'onozing'ono. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pa sitepe iliyonse mphamvu zambiri zimathera panjira, chifukwa nsomba imasambira, imapuma, imathawa adani, ndipo zina zimatayika ngati kutentha kapena zimatuluka ndi ndowe. Kafukufuku amene Raymond Lindeman anachita pa nyanja ina yaing'ono ku Minnesota, m'dziko la America, amene anasindikizidwa mu 1942, ndiye anayala maziko a lamulo limene timaphunzira lakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 ndilo limafika pa sitepe yotsatira. Ndinayesa kuwerengetsera m'kope langa: ndere zikasunga mphamvu zokwana 10,000, tizilombo tilandira 1,000, usipa 100, ncheni 10, ndipo nkhwazi yodya ncheniyo ipeza 1 yokha. N'chifukwa chake nkhwazi timaziona ziwiriziwiri pamitengo, osati chigulu ngati mpheta.

Komabe ndikuona kuti chithunzi chimenechi, choonetsa kudyana kwa zamoyo ngati unyolo umodzi, n'chosakwanira. M'nyanja zinthu zalukana ngati ukonde wa chilimira, pakuti usipa umodzimodziwo umadyedwa ndi nsomba zikuluzikulu, mbalame ndiponso anthu. Chambo chimadya ndere mwachindunji, choncho munthu wodya nsima ya chambo ali pafupi ndi gwero la mphamvu kusiyana ndi wodya kampango. Ngakhale mphepo ya mwera, imene asodzi amaiopa m'nyengo yozizira, ili ndi gawo lake, chifukwa imachititsa kuti madzi apansi okhala ndi michere akwere pamwamba kumwera kwa nyanjayi, ndere n'kuchuluka. Michere imazungulira, popeza zamoyo zikafa mabakiteriya amaziwoletsa n'kuibwezera m'madzi, koma mphamvu sizibwerera, ndipo kusiyana kumeneku ndinkakusokoneza kwambiri poyankha mafunso.

Za ku Nyanja ya Malombe, imene mtsinje wa Shire umadutsamo, zimandimvetsa chisoni. Akuluakulu amakumbukira nthawi imene chambo chinali chosasowa kumeneko, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinachepa kwambiri chifukwa cha kusodza mopyola muyeso ndi makoka a maso ang'onoang'ono, amene ankakokolola ana a nsomba ndi kuzula zomera zapansi pamadzi, ndipo kambuzi ndiye anayamba kudzaza maukonde. Pokonzekera mayeso a MSCE ndajambula ukonde wa zakudya wa ku Malombe kawiri, wina wokhala ndi chambo ndi wina wopanda chambo, ndipo pa wachiwiriwo mivi imene inkachoka ku ndere kupita kwa munthu, nkhwazi ndi ng'ona kudzera mwa chambo ndachita kuifufuta.