Mpeni wa alenje ndi mbuzi ya apongozi

Mpeni umenewu ndinaugula kwa mnyamata wina woyala malonda pansi mumsika wa ku Limbe, pakati pa matochi, maloko ndi mabatire a wailesi, ndipo chimene chinandikopa chinali kutalika kwake. Unali mpeni wosapinda, wokhala m'chimake chakuda chokoleka pa lamba, ndipo chitsulo chake chinkawala moti munthu ankatha kudzionerapo nkhope. Kumsana kwake kunali mano ochekera, pakatoni pake anajambulapo nyama ya nyanga zanthambi imene sipezeka m'tchire lililonse la kuno kwathu. Chogwirira chake chinali champhako, ndipo ukapotokola chitsekero m'katimo munkatuluka machesi, mbedza, ulusi ndi singano, pamene pachitsekero penipenipo anamatapo kampasi yaing'ono. Wogulitsayo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Bwana, uwu ndi wa alenje enieni, ngakhale njati mukhoza kusendera." Mtengo wake sunkafika ngakhale pa wa nkhuku yachikuda, choncho sindinanenerere n'komwe.

Ine si mlenje. Ntchito yanga ndi ya muofesi, ndipo nyama yokhayo imene ndinasakapo ndi mbewa, ndili mwana, zimene sizifuna chida choposa khasu. Komabe Khirisimasi inali pafupi, tinali kupita kumudzi kwa akazi anga ku Ntcheu, ndipo ndinkadziwa kuti apongozi anasunga mbuzi ya tsikulo. Mkamwini wa m'tauni akafika kumudzi amakhala munthu wopanda ntchito, woikiridwa mpando pamthunzi pamene amuna anzake akugwira zolemetsa, ndipo chaka chimenecho ndinatsimikiza mtima kuti ndikaonekere.

M'mawa wa tsikulo ndinatuluka mpeniwo uli m'chiuno, malaya nditapisira bwino kuti usabisike. Alamu anga anauona msanga ndipo anaitana atsibweni awo, mkulu amene amazinga ziweto zonse za pabanjapo. Mkuluyo anausolola m'chimake, anayendetsa chala chachikulu mopingasa kukamwa kwake, anagogoda chogwirira ndi chikhadabo n'kumvetsera kulira kwake, kenako anayang'anitsitsa kampasi ija, imene muvi wake unkaloza kumene iye wautembenuzira mpeniwo osati kumpoto. Anandibwezera ndi manja awiri. "Akamwini, chida chanuchi n'chokongola ndithu. Mbuziyi tizinga ndi wangawu kuti isazunzike, inuyo mutithandize posenda." Ine ndinamva mawu oti chokongola okhawo, ndipo ndinathokoza.

Mbuzi itazingidwa anaipachika miyendo yakumbuyo panthambi ya mango, ana n'kuzungulira kudzaona mpeni wa m'tauni. Odziwa kusenda sagwiritsa ntchito mpeni kwambiri: amang'amba chikopa m'miyendo ndi pamimba, kenako amachikankha ndi chibakera, mpeni n'kumangothandiza pamene chakakamira. Ntchito yotere imafuna kampeni kakafupi, kamimba kokhota, kamene dzanja lingakalamulire. Wangawo unali wautali ndi wosongoka, choncho nsonga yake inkayenda kutali ndi kumene maso anga anali, ndipo ndisanatsike n'komwe kumsana chikopa chinali chitabooka malo angapo. Chikopacho atsibweni anali atalonjeza kale kwa munthu wokunga ng'oma, koma sanayankhule kanthu, anangokhosomola.

Posakhalitsa mpeniwo unasiya kudula n'kuyamba kusisita. Ndinapita nawo pamwala wonolera umene uli pafupi ndi khola, ndinathira madzi, ndinanola mwaulemu wonse, ndipo unathwa msanga modabwitsa. Kuthwa msanga koteroko n'kumene kukanandichenjeza, pakuti chitsulo chimene mwala ukuchidya mosavuta, fupa nalonso limachipinda mosavuta. Mawu oti stainless amene anadinda pachitsulocho amangotanthauza kuti muli chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, amene amaletsa dzimbiri, koma sanena chilichonse za kulimba. Kulimba kumachokera ku kaboni amene ali m'chitsulomo ndiponso ku mmene anachiotchera ndi kuchiziziritsa, ndipo pamenepa m'pamene opanga mipeni yonyezimira yotchipa amapulumutsira ndalama zawo, chifukwa wogula saona zimenezo ndi maso. Nditabwerera pambuzi, kukamwa kwa mpeniwo kunangokhudza fupa la mwendo kamodzi n'kupindika.

Tinafika pong'amba chifuwa. Mlamu wanga wamng'ono anabwera ndi kankhwangwa, koma ine ndinamuuza kuti asavutike, mpeni wa alenje anaupangira ntchito ngati imeneyi. Ndinauika pafupa la pachifuwa, ndinatola chikuni, n'kuyamba kumenya kumsana kwake. Mpeni wosapinda umalimba chifukwa cha mchira wa chitsulo umene umalowa m'chogwirira, ndipo wabwino mchirawo umayenda mpaka kumapeto kapena pafupi ndi kumapeto. Tsono m'chogwirira changa munali machesi ndi mbedza, kotero mchira unalibe malo. Unali kachitsulo kakafupi kogwidwa ndi nati imodzi ndi guluu. Chikuni chitatera mwamphamvu ndinamva kulira kwachilendo, dzanja langa linapepuka, ndipo chitsulo chonse chinalowa m'mimba mwa mbuzi chokha popanda mwini wake.

Chitsekero chinafwamphuka, machesi anamwazika m'fumbi, kampasi inagubuduka mpaka pakati pa nkhuku zimene zinayamba kuijompha, ndipo mbedza imodzi inakola thalauza langa pantchafu, pamalo pamene mkamwini sangamasulepo chinthu anthu akuona. Ndinatsala nditaimirira ndi chogwirira chopanda mpeni kudzanja lamanja, chikuni kumanzere. Alamu anga anagwa pansi ndi kuseka. Apongozi aakazi, amene mwa mwambo sandiyang'ana kumaso, anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje n'kuzemba kupita kuseri kwa nkhokwe, koma mapewa awo ankaoneka akugwedezeka kufikira anabisika.

Atsibweni anapisa dzanja m'mimba mwa mbuzi, anatulutsa chitsulo chija, ndipo chinatuluka chobiriwira. Chinali chitabaya ndulu. Aliyense amene anatumbulapo chiweto amadziwa kuti kathumba kameneka kamachotsedwa mosamala kwambiri, chifukwa madzi ake akakhudza nyama amaiwawitsa, ndipo kamamatirira pachiwindi penipeni, chimene pabanja limenelo amaotchera akuluakulu. Anatsuka chiwindicho mofulumira ndi madzi ambiri, koma nkhope zawo zinkasonyeza kuti mlandu unali utatha kale.

Ntchito yotsalayo mkuluyo anaimaliza ndi mpeni wake, ndipo ine ndinauyang'anitsitsa popeza ndinalibe china chochita. Unali wakuda, waufupi, wosulidwa ndi mmisiri wa m'mudzi womwewo kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto, chogwirira chake chamtengo chokhomedwa ndi misomali yodula, mchira wa chitsulo ukuoneka mpaka kumapeto. Chitsulo chotere chimachita dzimbiri chikasiyidwa chonyowa, n'chifukwa chake atamaliza anachipukuta n'kuchipaka mafuta a mbuzi yomweyo, koma chimasunga kuthwa ndipo sichinapindike ngakhale polekanitsa mfundo. Mlamu wanga wamkulu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, misozi ya kuseka itauma anatulutsa wake woti andionetse, wa mtundu wa Morakniv, wochokera m'tauni ya Mora ku Sweden kumene mafakitale a mipeni anayamba mu 1891. Nawonso ndi wotchipa pakati pa mipeni ya alenje, chogwirira chake ndi chapulasitiki wamba, chitsulo chake n'chongopitirira pang'ono masentimita 10, ulibe mano kumsana ndipo ulibe kampasi. "Alamu, wotchipa si vuto," anatero. "Kungoti ndalama yochepayo ena amaiika m'chitsulo, ena amaiika m'machesi."

Mbedza ija ndinakaichotsera m'bafa, ndipo inachoka ndi kansalu. Chitsulo cha mpeni wanga apongozi anachipempha kudzera mwa akazi anga, kuti azikumbira mbatata, ndipo akuti pantchito imeneyo sichinawakhumudwitse.

Nthawi ya chakudya itakwana, amuna tinakhala pamphasa pansi pa mango, nsima ndi nyama zinabwera, kenako mwana wina anagwada patsogolo panga ndi mbale yapadera yovundikira. Nditavundukula ndinapeza chiwindi chonse, chootcha bwino, chothira mchere ndi tsabola. Atsibweni anasamba m'manja, anatema nsima, ndipo ananena mosaseka kuti, "Idyani, akamwini. Kwathu kuno chiwindi amadya ndi mlenje." Onse anasiya kutafuna kudikira kuti ndiyambe, ndipo ndinachidya chonse, ndikuyamikira kaotchedwe kake pa nthuli iliyonse.