Wiki yomwe ndinasaka mbiri ya Kampfgruppe 100

Ntchito yanga kuno ku Coventry, ku England, ndi yoyenda ndi alendo mtauni kuwafotokozera mbiri, ndipo nkhani ya usiku wa pa 14 Novembala 1940, pomwe ndege za Ajeremani zinaphulitsa tauniyi ndi mabomba, ndainena kambirimbiri moti ingotuluka yokha. Koma Lolemba abwana anandiitana, akuti Lachisanu kukubwera bambo wina ndi mwana wake ochokera ku Germany, agogo awo ankauluka mu gulu la ndege zankhondo la Kampfgruppe 100, ndiye akufuna owaperekeza odziwa za gulu limenelo. Ine masiku onse ndinkangoti "ndege za Ajeremani" basi.

Ndiye Lachiwiri ndi Lachitatu ndikangoweruka ulendo wa ku laibulale. Gululi linkanyamukira ku Vannes, ku France, pa ndege za Heinkel He 111, ndipo ntchito yake inali kutsogola, kuponya mabomba oyatsa moto kuti ndege zinazo zoposa 400 zobwera mmbuyo zizingolondola pomwe pakuyaka. Chomwe chinandikhazika pansi nthawi yaitali ndi makina awo otchedwa X-Gerät. Ankatumiza siginolo ya wailesi yowongoka ngati chingwe kudutsa pamwamba pa tauni, oyendetsa ndege nkumangoitsata mumdima, kenako masiginolo ena ankadula chingwecho chopingasa, onse anawapatsa maina a mitsinje, Weser, Rhein, Oder, Elbe. Mundegemo munali wotchi ya mivi iwiri, ndege ikadutsa mzere wina muvi uyamba kuyenda, ikadutsa winawo unzake uyambanso, ikakumana mabomba ankagwa okha osadikira dzanja la munthu. Ndinazijambula papepala katatu kuti ndizimvetse ndisanakafotokozere munthu.

Chinandipweteka kwambiri ndi ichi, pa 6 Novembala ndege imodzi ya gulu lomweli inatera mwangozi pagombe pafupi ndi Bridport, Angelezi nkupeza makinawo, ndipo anazindikira kuti amamva liwu la 2000 Hz (muyeso wa kukwera kwa liwu) pomwe iwo ankawasokoneza ndi liwu la 1500 Hz. Zisanakonzedwe, Coventry inali itapsa. Anthu oposa 550 anafa usiku umodzi umenewo.

Lachinayi kunali ana a sukulu, mvula, wina anataya chikwama, tsiku linatha choncho.

Lachisanu anafika, bambo wa imvi wovala jekete yakuda, manja ali mthumba, mwana wake wamkazi ndi amene ankalankhula kwambiri. Ndinayamba za X-Gerät koma ndinaona kuti zonsezo akuzidziwa kale, mwinanso kundiposa, mpaka anandiuza okha kuti gululi linadzakhala KG 100, lomwe pa 9 Sepitembala 1943 linamiza sitima yankhondo ya Italy yotchedwa Roma. Zomwe ankafuna ndi za pansi. Ndiye ndinasiya mapepala anga nkuwalowetsa mu bwinja la tchalitchi cha St Michael, chopanda denga mpaka lero, mawindo ali mbee opanda magalasi. Anaima kutsogolo kwa guwa pomwe pakhoma panalembedwa Father Forgive, kutanthauza Atate Khululukani, ndinawafotokozera kuti Provost Richard Howard, mkulu wa tchalitchichi panthawiyo, anasankha mawu awiri okhawo, sanafune kuti pempho la chikhululuko likhale loloza Ajeremani okha. Bambowo anatulutsa dzanja mthumba nkugwira mwala wofiira wa khomalo, nthawi yaitali ndithu osanena kanthu, nanenso ndinangokhala chete ngakhale nthawi ya ulendo inali itakwana.

Kenako anandifunsa, "Anthuwo anawaika kuti?" Sizinali pa pulogalamu koma ndinaimbira abwana foni, anavomera, tinakwera takisi mpaka ku London Road Cemetery komwe kuli manda a anthu ambiri pamodzi. Iwo ankawerenga maina pakhoma limodzilimodzi chala chikutsata, mwana wawo atawagwira pamkono.

Loweruka ndinali ndi gulu la anthu 20, ndipo pofika pa nkhani ya usiku uja ndinatchula Kampfgruppe 100, Vannes ndi wotchi ija, mayi wina anapempha kuti ndibwerezenso za wotchiyo pang'onopang'ono.